Mutu 11: Mwambo wa ku Jimu, Phunziro la ku Greyville

Mabasi ochokera ku Johannesburg akafika mumzinda wa Durban amatsitsa anthu pasiteshoni yaikulu imene ili m'mbali mwa Umgeni Road. Ukaoloka msewu umenewo kulowera kumtunda, wafika ku Greyville. Derali n'lotchuka ndi bwalo la mipikisano ya akavalo kumene kumachitikira Durban July, mpikisano umene udayamba mu 1897 ndipo mwamwambo umachitika Loweruka loyamba la July. M'kati mwenimweni mwa bwalolo muli kosewerera gofu kwa Royal Durban Golf Club. Chakumwera kuli bwalo lakale la Curries Fountain ndi misika ya Warwick. Chakumpoto, kufupi ndi nyanja, kuli Kings Park ndi bwalo la Moses Mabhida limene lidamangidwa pokonzekera World Cup ya 2010. Mzinda womwewu ndi kwawo kwa Comrades Marathon, liwiro la makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, limene lidayamba mu 1921.

Komabe ambiri mwa anthu amene amatuluka thukuta ku Greyville, ku Berea, ku Morningside ndi ku Musgrave sapikisana ndi wina aliyense. Ndi anamwino, ophunzira a ku Durban University of Technology, ogulitsa m'mashopu, alonda, osoka zovala ndi amayi a pabanja amene amapita ku jimu m'mamawa asanalowe ntchito kapena madzulo akaweruka. Pakati pawo pali abale athu ochokera ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia. Ena adayamba kunyamula zitsulo kwathu, kuseri kwa nyumba, pa simenti youmbira m'zitini ndi zitsulo zakale za galimoto. Akalowa m'jimu ya mumzinda amapeza chikwangwani cha malamulo pakhomo, ndiponso malamulo ena osalembedwa amene aliyense amayembekezera kuti ukuwadziwa.

Jimu ili ngati mjigo wa pamudzi: aliyense amasonkha kangachepe, koma palibe amene angati chogwirira n'chake yekha, ndipo wotunga mosasamala amavutitsa mudzi wonse. Malamulo onse amene tikambe m'mutu uno amachokera pa funso limodzi: iwe ukachoka pamenepo, wobwera pambuyo pako apeza zinthu zili bwanji?

Malamulo a dzulo ndi a lero

Anthu a ku Greyville amadziwa kuti lamulo likhoza kukhala loipa. Lamulo la Group Areas Act la 1950 lidagawa mizinda ya South Africa potengera khungu. Mbali ya Greyville yotchedwa Block AK, kumene kunkakhala mabanja ambiri a Amwenye pamodzi ndi anthu a mitundu ina, idalengezedwa kuti ndi ya azungu. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 anthu adasamutsidwa, nyumba zidagumulidwa, mabanja ambiri adakapezeka ku Chatsworth ndi ku Phoenix, ndipo malowo adakhala apululu zaka zambiri. Lamulo lina, Reservation of Separate Amenities Act la 1953, lidalekanitsa anthu pa magombe, m'maiwe osambira, m'zimbudzi ngakhale pa mabenchi a m'mapaki. Lidathetsedwa mu 1990.

Masewero sadapulumuke. Papwa Sewgolum, katswiri wa gofu wachimwenye wa ku Durban komweko, adapambana mpikisano wa Natal Open mu 1963, n'kupambananso mu 1965 pogonjetsa Gary Player. Chithunzi chake akulandira chikho panja, mvula ikumuvumba, pamene anzake oyera khungu adali m'nyumba ya kalabu, chidafalikira dziko lonse lapansi. Pa nthawi yomweyo Curries Fountain lidali bwalo la anthu okanidwa kwina, kumene matimu a mpira osasankha mtundu ankasewera ndiponso kumene anthu adasonkhana mu September 1974 kukondwerera kupambana kwa Frelimo ku Mozambique, apolisi n'kuwabalalitsa ndi agalu.

Majimu akuluakulu amene tikuwaona lero adakula ulamuliro wa tsankho ukutha. Kampani ya Health & Racquet Club idali ndi nthambi zambiri m'dzikomo, koma mwini wake, LeisureNet, adagwa mu 2000. Richard Branson, mwini kampani ya Virgin, wakhala akufotokoza kuti Nelson Mandela adamuimbira foni kumupempha kuti apulumutse ntchito za anthu, ndipo mu 2001 makalabuwo adakhala a Virgin Active, imene ili ndi nthambi ku Kings Park. Ndondomeko ya Vitality ya kampani ya Discovery, imene idayamba mu 1997, idakokanso anthu ambiri chifukwa imatsitsa mtengo wa jimu kwa amene amapitako kawirikawiri. Kenaka padabwera majimu otchipa, timajimu ta pamwamba pa mashopu, ndi makina aulere amene khonsolo ya mzindawu, eThekwini, idaika m'mapaki monga Bulwer Park ku Glenwood.

Lero gawo 9 la malamulo aakulu a dzikolo a 1996, pamodzi ndi lamulo lothana ndi tsankho la 2000, limaletsa kubweza munthu pakhomo chifukwa cha khungu, mtundu, chipembedzo kapena chinenero chake. Chikwangwani cha "Right of admission reserved" sichipatsa mwini jimu chilolezo chosankha anthu. Chimamupatsa mphamvu yotulutsa munthu wosokoneza. Kwa ife alendo, amene tikukumbukira ziwawa zothamangitsa alendo za mu April 2015 pamene boma la Malawi lidachita kutumiza mabasi kukatenga nzika zake, nkhani imeneyi si yaing'ono. Malo amene amakufunsa ngati wabweretsa thaulo, osakufunsa kumene udabadwira, ndi malo ofunika kuwasamala. Lamulo ngati la thauloli limagwira bwana ndi wantchito wake mofanana, ndipo ndi chifukwa chake tiyenera kulilemekeza ndi mtima wonse.

Pepala la tsiku loyamba

Mwambo wa ku jimu umayambira pa desiki, munthu asanakhudze chitsulo. Majimu ambiri amasainitsa kontirakiti ya miyezi 12 kapena 24, ndipo ndalama imadulidwa kubanki mwezi uliwonse kudzera pa debit order, upite usapite. Walira mvula walira matope. Anthu ambiri amalembetsa mu January ndi changu cha chaka chatsopano, pofika April changu chazirala koma ngongole ilipobe.

Lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2008, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2011, lili ndi mfundo zimene membala aliyense ayenera kuzidziwa. Kontirakiti yotere nthawi zambiri isapitirire miyezi 24. Membala ali ndi ufulu woithetsa nthawi iliyonse polemba kalata yodziwitsa kutatsala masiku 20 ogwira ntchito, ngakhale jimu ili ndi ufulu womulipiritsa chindapusa choyenera. Kontirakiti ikamayandikira kutha, jimu iyenera kumudziwitsa, ndipo akakhala chete imapitirira mwezi ndi mwezi. Mawu a m'kontirakiti ayenera kukhala omveka kwa munthu wamba. Pakabuka mkangano pali National Consumer Commission ndi Consumer Goods and Services Ombud.

Nzeru yake ndi iyi: werenga usanasaine, funsa pamene sukumva, tenga kope lako. Ngati ukubwerera kumudzi kapena ntchito yatha, usangosowa. Lemba kalata, chifukwa ngongole yosiyidwa imaipitsa dzina kumabungwe osunga mbiri ya angongole. Khadi la umembala nalo ndi la munthu mmodzi. Kubwereketsa m'bale kumaoneka ngati chifundo, koma kumachotsetsa onse awiri.

Thaulo ndi nyengo ya Durban

Durban ndi mzinda wotentha komanso wachinyezi. Kuyambira December mpaka March mpweya wochokera ku nyanja ya Indian Ocean umakhala wodzaza ndi madzi, kotero thukuta siliuma msanga. Limayenderera pathupi, n'kutsalira pa benchi, pa mphasa ndi pa zogwirira. Thukuta palokha si ndilo vuto lalikulu. Vuto ndi lakuti malo ofunda ndi onyowa amasunga tizilombo tochokera pakhungu. Zipere ndi matenda oyabwa a pakati pa zala za kumapazi zimafala motero. Tizilombo ta Staphylococcus, timene anthu ambiri amayenda nato pakhungu osadwala, tikalowa pabala la munthu wina timayambitsa zithupsa.

Pamenepa ndi pamene pagona lamulo la thaulo. Yala thaulo pa benchi usanagonepo, ndipo ukamaliza pukuta malowo ndi mankhwala opopera ndi pepala zimene jimu imaika pakona. Bala limangidwe. M'shawa valani patapata. Zovala za dzulo zisabwerere osachapa, pakuti fungo la munthu amayamba kulimva ndi anzake, mwini wake pambuyo. Mafuta onunkhira ochuluka nawo amatsamwitsa anthu a mphumu m'chipinda chotseka.

Chimfine, kutsegula m'mimba ndi maso ofiira ndi zifukwa zokwanira zokhalira kunyumba. Chifuwa chosatha milungu iwiri n'chofunika kukayezetsa TB, matenda amene ndi ofala m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Mliri wa Covid-19 udaphunzitsa anthu mowawa: majimu adatsekedwa kumapeto kwa March 2020 ndipo adatsegulidwanso pa 18 August chaka chomwecho, anthu osapitirira 50 pa nthawi imodzi. Amene adadikira miyezi isanu imeneyo amadziwa kuti ukhondo wa munthu mmodzi ndi umene umasunga chitseko chili chotsegula kwa onse.

Nsapato zotseka ndi lamulo lina losafuna kukambirana. Dambelo ya makilogalamu asanu ikagwera chala chosavala imaswa fupa.

Chitsulo chibwerere pamalo pake

Ndodo yaitali yachitsulo imene amanyamulira amuna pa mipikisano imalemera makilogalamu 20 isanaikidwe kanthu. Ya amayi imalemera 15. Mapuleti a pa mipikisano ali ndi mitundu yake: lofiira ndi makilogalamu 25, labuluu 20, lachikasu 15, lobiriwira 10. Mnyamata wamphamvu akaika mapuleti anayi ofiira mbali iliyonse ya makina okankha ndi miyendo, waika makilogalamu 200. Akachoka osawatsitsa, wobwera pambuyo pake akhoza kukhala mayi wa zaka 60 amene adokotala adamuuza kuti azilimbitsa maondo. Mayiyo ali ndi njira ziwiri zokha: kudzipweteka msana potsitsa katundu wa mwini, kapena kubwerera osachita chimene adadzera. Ndalama adalipira yofanana ndi ya mnyamata uja.

N'chifukwa chake lamulo lakale kwambiri la onyamula zitsulo limati amene wakweza ndiye atsitse. Ntchito siinathe mpaka puleti lililonse litabwerera pa chikhomo chake ndipo madambelo atakhala awiriawiri motsatana kulemera kwake. Potsitsa, chotsa mosinthanitsa mbali, chifukwa ukachotsa mbali imodzi yonse ndodo imapendekeka n'kumenya munthu. Pokweza, tseka mapuleti ndi zopanira zake kuti asapulumuke. Dambelo yosiyidwa pansi imapunthwitsa munthu amene wanyamula katundu ndipo sakuona kumapazi.

Kuponya zitsulo pansi kuli ndi malo ake. Pa pulatifomu ya onyamula zitsulo za mpikisano, pamene pali mapuleti a labala, n'kololedwa. Kwina konse kumaswa pansi, kumapinda madambelo ndi kudzidzimutsa anthu. M'timajimu ta pamwamba pa mashopu, phokosolo limagwera ogwira ntchito a pansi. Kubuula pang'ono pa katundu wolemera n'kwachibadwa, koma kukuwa pa kukweza kulikonse n'kufuna kuonedwa, ndipo aliyense m'chipindamo amadziwa zimenezo.

Kusinthana ndi kugwirirana

Kuyambira 5 koloko madzulo, anthu akaweruka, majimu amadzaza. Mabenchi ndi ochepa, ofuna kugonapo ndi ambiri. Apa ndi pamene khalidwe la munthu limaonekera poyera.

Munthu wonyamula zitsulo amagwira ntchito m'maseti: amakweza kakhumi kapena kuposerapo, n'kupuma mphindi imodzi, ziwiri kapena zitatu, n'kubwerezanso. Ndiye kuti nthawi yambiri benchi imakhala ikudikira. Mwambo wabwino umati pa nthawi yopumayo mnzako alowepo. Wofunayo adikire seti ithe, kenaka afunse mwaulemu: "Achimwene, mwatsala ndi maseti angati? Tingamasinthane?" Kwa Mzulu uyambe ndi "Sawubona, bhuti" kapena "Sawubona, sisi", ndipo kwa wamkulu unene "baba" kapena "mama", moni wa m'chinenero cha mwini dera umafewetsa zambiri. Wofunsidwayo ayankhe zoona. Ngati watsala ndi seti imodzi, anene. Ngati atsala ambiri, alole kusinthana, ndipo aliyense akamaliza abwezere kulemera ndi mpando mmene mnzake adaziikira.

Zimene zimakwiyitsa anthu n'zodziwika: kusungitsa makina atatu ndi thaulo, botolo ndi kapu, kukhala pa benchi mphindi khumi ukuwerenga mauthenga a pa WhatsApp, kuimirira pafupi ndi munthu ukumuyang'anitsitsa kuti afulumire, kudutsa pakati pa munthu ndi galasi pamene akukweza. Galasi la m'jimu ndi chida, munthu amaonerapo ngati msana wawongoka. Pa treadmill ndi njinga, majimu ena amaika malire a mphindi 20 kapena 30 nthawi yodzaza. Nthawi yako ikakwana ndipo pali wodikira, tsika.

Palinso mwambo wogwirirana. Munthu wogona chagada pa benchi, ndodo yolemera ili pamwamba pa chifuwa ndi khosi, ali pa ngozi yeniyeni mikono ikamuthera. Anthu amafa ndithu pa benchi akamakweza okha katundu wopitirira mphamvu zawo. Choncho "Mundigwirireko" ndi pempho losayenera kukanidwa popanda chifukwa. Wogwirira afunse kaye kuti mnzakeyo akufuna kukweza kangati ndiponso kuti amuthandize liti. Aime kumutu, manja ali pafupi ndi ndodo, maso pa ndodoyo, foni ili m'thumba. Asakhudze ndodo pamene ikukwerabe, koma ikaima kapena kuyamba kutsika agwire ndi manja awiri. Ngati katunduyo ndi woti iye sangamuthe, anene poyera n'kuitana wina. Pa mphindi imeneyo moyo wa munthu amene mwina sukumudziwa n'komwe dzina uli m'manja mwako.

Watsopano asachite manyazi kufunsa. Safunsa adadya phula. Alangizi amene amayendayenda m'jimu adalembedwa ntchito yomweyo. Bungwe la World Health Organization limalangiza akuluakulu kuchita masewero opepukirako mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Zimenezi sizifuna kuti munthu afanane ndi wa pa benchi yoyandikana naye tsiku loyamba. Kuthamanga si kufika. Kuphwanya kwa thupi kumene kumabwera patapita tsiku limodzi kapena awiri n'kwachibadwa, koma kupweteka kwa pachifuwa, chizungulire kapena ululu wobaya m'mfundo ndi chizindikiro choti usiye pomwepo ndi kuitana thandizo.

Maso, pakamwa ndi foni

Mbali yovuta kwambiri ya mwambo wa ku jimu siikhudza zitsulo. Munthu wochita masewero amakhala atavala zochepa, thukuta lili thobvu, thupi likupindika m'njira imene sangachite pamsewu. Ena abwera ndi thupi limene akhala akunyozedwa nalo kuyambira ubwana. Ena angochira kumene, ena angobereka, ena akulimbana ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Kulowa pakhomo paja kudawatengera kulimba mtima. Liwu limodzi lachipongwe likhoza kuwabweza kunyumba osadzabweranso.

Kwathu kunena kuti "mwanenepatu" ndi kuyamikira. Kumatanthauza kuti munthu akusamalidwa bwino. M'jimu ya ku Durban mawu omwewo amabaya. Nzeru ndi kusanenapo kanthu za thupi la munthu, kunenepa kapena kuonda, pokhapokha ngati ndi mnzako amene wakufunsa. Malangizo osapemphedwa nawo asungidwe. Ngati ukuona kuti wina adzivulaza, uza mlangizi wa jimu kuti alankhule naye.

Amayi ndi atsikana ndi amene amakumana ndi zambiri: kuyang'anitsitsidwa, kutsatidwa kuchoka pa makina ena kupita pa ena, kupemphedwa nambala ya foni pakati pa seti, kugwiridwa m'chiuno ndi munthu amene akuti akuwongolera. Izi si kucheza. Mayi akavala mahedifoni kapena akayankha mwachidule, wanena kale kuti akufuna kukhala yekha. Wakana kamodzi, nkhani yatha. Ngakhale mlangizi weniweni amayamba wapempha asanakhudze munthu. Lamulo la Protection from Harassment Act la 2011 limalola munthu wovutitsidwa kukatenga chikalata chomuteteza kukhothi la majisitireti, ndipo jimu ili ndi mphamvu yochotsa membala wotere. Amuna amene timaona zimenezi zikuchitika tili ndi udindo wodzudzula anzathu, chifukwa mawu a mnzako wa pa benchi amamveka msanga kuposa chikwangwani.

Durban ndi mzinda wa zipembedzo zambiri. Mzikiti waukulu wa Juma Masjid uli pa Dr Yusuf Dadoo Street, pafupi ndi Greyville, ndipo Amalawi ambiri okhala mumzindawu ndi Asilamu. M'jimu imodzi mumakumana mayi wovala hijabu ndi zovala zofika kumapazi, mtsikana wovala kabudula, Mhindu, Mkhristu, ndi munthu amene akusala m'mwezi wa Ramadan ndipo akuchita pang'onopang'ono. Malinga ngati chovala chikutsata lamulo la jimu, palibe amene ali ndi udindo woweruza mnzake.

Foni yabweretsa vuto latsopano. Kudzijambula pofuna kuona mmene ukunyamulira kuli ndi phindu, ndipo ena amaika mavidiyo awo pa TikTok ndi Instagram. Koma kumbuyo kwako kuli anthu amene sadavomere kuonekera. Lozetsa kamera kukhoma, kapena pempha amene ali pafupi. Kujambula munthu mobisa kuti anthu amuseke ndi nkhanza. M'chipinda chosinthira zovala kamera isatuluke n'komwe. Lamulo la Cybercrimes Act la 2020 limati kufalitsa chithunzi cha munthu ali maliseche popanda chilolezo chake ndi mlandu. Nyimbo zipite m'makutu mwako, ndipo foni ikalira kaiyankhire panja.

Kosinthira zovala ndi anthu osaoneka

M'chipinda chosinthira zovala mwambo wake ndi wachidule. Bweretsa loko wako, tseka loka, ndipo pasipoti, zikalata ndi ndalama zambiri zisiye kunyumba, chifukwa majimu ambiri amalemba kuti sadzalipira katundu wotayika. Samba mwachangu ena akudikira. Dzipukute usanatuluke m'shawa kuti wina asaterereke. Osachapira zovala m'sinki, osalavula pansi, osasiya malezala.

Pali anthu amene amafika mdima usanathe kudzakolopa, kutola mathaulo ndi kutsuka zimbudzi. Ena mwa iwo ndi alendo ngati ife. Ntchito yawo ndi kusamala nyumba, osati kutola zimene munthu wamkulu wataya dala. Apatse moni, dziwa mayina awo, ndipo makina akaonongeka kanene ku desiki m'malo mongochokapo mwakachetechete. Waya woyamba kutha wa makina okoka, ukapanda kunenedwa, umadzadukira m'manja mwa munthu wina.

Jekeseni wa m'chikwama

Pafupifupi jimu iliyonse imaletsa kugulitsa kapena kugwiritsa ntchito ma steroid, mankhwala otupitsa minofu amene mwalamulo amayenera kulembedwa ndi dokotala. Ogulitsa ake salankhula mokweza. Amasankha mnyamata wofuna kukula msanga, mwina chifukwa akufuna ntchito ya ubaunsa kapena ulonda, n'kumunong'oneza kuti pali njira yachidule. Zimene sanena ndi izi: mankhwalawa amakweza kuthamanga kwa magazi, amakulitsa mtima molakwika, amaononga chiwindi, amachepetsa mphamvu yobereka, amameretsa mabere kwa amuna ndipo kwa ena amabweretsa ukali ndi kukhumudwa. Kubwerekana majekeseni kumafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi. Mankhwala a m'chikwama sadziwika n'komwe chimene chili m'botolo. Kwa wochita mipikisano palinso bungwe la South African Institute for Drug-Free Sport, limene lidakhazikitsidwa mu 1997, ndipo wopezeka ndi mankhwalawa amaletsedwa kupikisana kwa zaka. Munthu amene wakhalitsa m'jimu ndipo achinyamata amamuyang'ana ngati chitsanzo ali ndi udindo wowauza zoona zimenezi.

Lamulo likaswedwa

Anthu ambiri oswa mwambo sachita dala, sadauzidwe. Mnyamata amene adaphunzirira kuseri kwa nyumba, kumene zitsulo zimangosiyidwa pa dothi, sangalote kuti madambelo ali ndi malo ake. Mawu ofatsa amakonza zambiri: "Achimwene, kuno tikamaliza timatsitsa mapuleti, bwerani ndikuthandizeni." Kumuchititsa manyazi pagulu kumabala mkangano, ndipo mkangano pakati pa zitsulo ndi woopsa. Munthu akakana kumva, nkhani ipite kwa manejala. Majimu amayamba ndi chenjezo, kenaka kuimitsa, pomaliza kuchotsa. Iwe ukadzudzulidwa, "pepani" ndi "zikomo" ndi mawu okwanira. Koma ngati wabwezedwa kapena kunyozedwa chifukwa cha mtundu wako kapena chinenero chako, lemba tsiku ndi zimene zidanenedwa, dandaula polemba kalata, ndipo dziwa kuti makhothi oona za tsankho ndi South African Human Rights Commission alipo chifukwa cha nkhani zotere.

Majimu akuchuluka ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu, ku Lusaka ndi ku Tete, ndipo ena mwa amene akuwatsegula ndi anthu obwerera kuchokera ku Joni. Kugula makina ndi nkhani ya ndalama, ndipo aliyense wopeza bwino angathe. Chovuta ndi kumanga malo amene gogo wodwala shuga, mtsikana wa kusukulu ndi mnyamata wokweza makilogalamu 150 angagwiritse ntchito benchi imodzi tsiku limodzi, aliyense n'kutuluka akufuna kudzabweranso mawa. Zimenezo zimatheka pokhapokha mwini jimu akalemba malamulo omveka m'chinenero cha anthu ake, akawagwiritsa ntchito mosakondera ngakhale kwa membala wolemera kapena mnzake, ndipo mamembala akale akamaphunzitsa atsopano ndi zochita zawo. Wobwerera kumudzi atenge mwambo umenewu pamodzi ndi katundu wake, ndipo auyambe tsiku lomwe watsegula chitseko.